Pepala la malonjezo ndi pepala lomata pakhomo la mesa

Nambewe (Ulóngue):
Akuluakulu, ndabwera ndi funso lomwe achinyamata akufunsa kawirikawiri. Dziko lathu la Mozambique linasiya ulamuliro wa chipani chimodzi ndi malamulo aakulu a 1990, ndipo kuyambira 1994 tavotera pulezidenti kasanu ndi kawiri. Koma campanha ikayamba, zomwe zimafika kumudzi ndi zitenje, makamizeta ndi nyimbo. Manifesito sawoneka, ndipo akawoneka amakhala a Chipwitikizi chokhachokha. Kodi m'dziko lomwe langotuluka mu ulamuliro wopondereza, manifesito ali ndi ntchito? Nanga lonjezo la chipani tingaliyese bwanji tisanavote? Tiyankhe ndi mfundo, zotukwanana ayi. Chipani chanu muchivule pakhomo ngati nsapato.

aNgozo (Dómuè):
Zikomo amayi. Tiyambe ndi 1994 yomweyo, chifukwa yankho lagona kumeneko. Chissano wa Frelimo ndi Dhlakama wa Renamo anasaina mtendere ku Roma pa 4 Okutobala 1992, chisankho n'kuchitika pa 27 mpaka 29 Okutobala 1994. Pofika nthawi imeneyo zipani ziwirizi zinalibe kusiyana kwakukulu pa nkhani ya chuma. Frelimo inali itayamba kale PRE, ndondomeko yokonzanso chuma, mu 1987, n'kutaya Marxismo pa congresso yachisanu mu 1989. Renamo inkati ikumenyera malonda omasuka, zipani zambiri ndi ufulu wopembedza, koma zonsezi mnzakeyo anali ataziika kale m'malamulo. Ndiye papepala onse ankanena zofanana: mtendere, sukulu, zipatala, misewu.

Kusiyana kunali m'zomwe anthu ankakumbukira. Wina ankakumbukira aldeia comunal (midzi yomwe boma linkasonkhanitsamo anthu), guia de marcha (chiphaso choyendera), Operação Produção ya 1983 (kusamutsa anthu m'mizinda mokakamiza kuti akalime) ndi mafumu omwe anachotsedwa kuti m'malo mwawo mukhale ma Grupo Dinamizador, makomiti a chipani. Wina ankakumbukira basi yowotchedwa pamsewu, sukulu yogumulidwa, mwana wogwidwa kupita kutchire. Aliyense anavota poyang'ana bala lake. Chissano anapeza mavoti 53 pa 100 alionse, Dhlakama pafupifupi 34. Ku Assembleia Frelimo inatenga mipando 129, Renamo 112, União Democrática 9. Kuno ku Tete Renamo ndiyo inatsogola, monganso ku Sofala, Manica, Zambézia ndi Nampula. Musaiwale kuti ambiri mwa ovota a ku Angónia ndi Tsangano anali atangobwerera kuchokera ku Malawi, komwe othawa nkhondo anapitirira 1 miliyoni.

aTembo (Fíngoè):
ANgozo, mbiriyo mwaiyala bwino, koma musafike ponena kuti manifesito analibe mphamvu. Nkhani ya mafumu inali mfundo yeniyeni ya Renamo, ndipo inabala zipatso ngakhale iwo sanalowe m'boma. Frelimo itaona momwe madera akumidzi a pakati ndi kumpoto anavotera mu 1994, kenako mu 1999 pamene Dhlakama anafika pa 47.7 ndipo Chissano 52.3, inatulutsa Decreto 15/2000 yovomereza mafumu ngati autoridades comunitárias. Yunifolomu ndi mbendera zomwe mumaziona kwa a nyakwawa zinachokera pamenepo. Mfundo ya chipani chogonja ikhoza kulowa m'lamulo ngati opambanawo achita mantha ndi mavoti ake.

Onaninso kwa anansi athu. Ku Zambia mu Okutobala 1991 MMD ya Chiluba inatenga mipando 125 mwa 150, n'kuchitadi zomwe inalonjeza, kumasula malonda ndi kugulitsa makampani a boma. Anthu ambiri anavotera kuchotsa Kaunda basi, osafunsa kuti kugulitsako kutanthauza chiyani pa ntchito zawo ndi pa mtengo wa ufa. Anadzazimva pambuyo.

aMwale (Zóbuè):
Ku Malawi kulinso chitsanzo chabwino koposa. Pa referendamu ya pa 14 Juni 1993 panalibe manifesito, panali nyali ndi tambala wakuda, nyali n'kupambana. Koma pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994, UDF ya Bakili Muluzi inali ndi lonjezo limodzi lomwe mayi aliyense analimva: sukulu ya pulayimale yaulere. Atalowa m'boma anachitadi chaka chomwecho. Ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Walira mvula walira matope. Zipinda sizinakwane, ana ankaphunzirira pansi pa mitengo, boma linalemba mwachangu aphunzitsi masauzande ambiri osaphunzira ntchitoyo, kalasi imodzi ana kupitirira 100. Lonjezo linali labwino ndipo linasungidwa, koma panalibe amene anawerengera choko, mabuku ndi malipiro. Ine ndimati lonjezo lopanda mtengo wake ndi theka la lonjezo.

Mayi Nabanda (Moatize):
Pamenepo ndiye pofunika kukhazikika. Lonjezo lililonse lifunseni mafunso anayi, motsatana chonchi.

Loyamba, amene akulonjezayo akupikisanira mpando uti, ndipo mpandowo uli ndi mphamvu pa chinthucho? Ili ndilo lomwe anthu ambiri amalilumpha. Chiyambire kusintha kwa malamulo kwa 2018, govenadori amasankhidwa ndi ife, kudzera mwa cabeça de lista, woyamba pa mndandanda wa chipani chomwe chapambana ku Assembleia Provincial. Koma malamulo omwewo anasiya migodi, magetsi, chitetezo, apolisi ndi kukhazikitsa misonkho m'manja mwa boma la ku Maputo. Pambali pa govenadori anaikaponso Secretário de Estado wosankhidwa ndi pulezidenti. Ndiye wofuna ugovenadori akaima pa msonkhano n'kunena kuti adzasintha makontirakiti a malasha, kapena adzatsitsa mtengo wa magetsi chifukwa Cahora Bassa ili kwathu, akulonjeza mbuzi ya eni. Damu lija mphamvu yake ndi 2,075 MW, linabwerera m'manja mwa Mozambique mu Novembala 2007, magetsi ambiri amagulitsidwa ku South Africa, ndipo zonsezo sizikambidwa mu ofesi ya govenadori. Zomwe iye angakhudze ndi monga misewu ing'onoing'ono ya m'chigawo, mijigo, sukulu za pulayimale, zipatala zazing'ono ndi ulangizi wa zaulimi.

Lachiwiri, ndalama zichokera kuti? Zigawo zathu zimadalira ndalama zotumizidwa kuchokera ku bajeti ya dziko. Amene akuti adzamanga akuyenera kunena kuti adzachotsa pati.

Lachitatu, pali nambala ndi nthawi? "Tidzatukula ulimi" si lonjezo, ndi moni chabe. "Alangizi akuti, m'maboma akuti, pofika chaka chakuti" ndiye chinthu chomwe mungadzachigwire pakatha zaka zisanu.

Lachinayi, pakufunika lamulo latsopano? Ngati likufunika, chipanicho chiyenera kukhala ndi aphungu okwanira mwa 250 aja. Ngati n'kusintha malamulo aakulu, pamafunika magawo awiri mwa atatu, kutanthauza aphungu 167. Chitsanzo ndi nthaka. Malamulo aakulu amati nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa, ife timangokhala ndi DUAT, ufulu woigwiritsa ntchito. Wolonjeza kuti mudzayamba kugulitsa minda kapena kuipereka chikole kubanki akunena za aphungu 167, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

aJere (Tsangano):
Amayi, onjezanipo lachisanu: zomwe analonjeza ulendo wapita zinatha bwanji? Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Mayi Nabanda (Moatize):
Zoona achimwene, ndipo zitsanzo zilipo pafupi. Sete milhões ya nthawi ya Guebuza inayamba mu 2006, boma lililonse kulandira 7 miliyoni meticais pachaka. Inali ngongole yoti anthu ayambire mabizinesi ndi ulimi, conselho consultivo n'kumasankha olandira. Zobwezedwa zinali zochepa kwambiri, chifukwa panalibe njira yolimba yotolera ndipo ambiri anaitenga ngati mphatso. Winanso ndi 2.75 peresenti ya msonkho wa zokumbidwa m'migodi, yomwe kuyambira 2013 imayenera kubwerera kumadera omwe mgodi uli. Kuno ku Moatize funso loyenera kwa aliyense wofuna voti si lakuti "mudzatithandiza?" ayi. Mufunseni kuti chaka chatha ndalamayo inali zingati, anasankha ntchito zake ndani, ndipo mndandanda wake unamatidwa pati. Anthu a ku Cateme anatseka njanji mu Januwale 2012 chifukwa cha nyumba ndi minda yomwe anapatsidwa posamutsidwa. Manifesito yonena za Tete koma osatchula ndondomeko ya kusamutsa anthu ndi chipukuta misozi, mwini wake sanafike kuno.

aPhiri (Furancungo):
Zonsezi n'zabwino, koma pali chinthu m'kapangidwe ka chisankho chathu chomwe chimafooketsa manifesito, ndipo anthu sachidziwa. Ife sitivotera phungu ngati ku Malawi, komwe dera lililonse lili ndi munthu wake yemwe mungakamugogodere pakhomo. Timavotera lista ya chipani m'chigawo chonse. Mipando ndi 250, iwiri ndi ya okhala kunja, 248 imagawidwa m'zigawo motengera anthu omwe analembetsa. Mu 2024 Tete inali ndi 23. Amene amaika mayina pa lista, uyu woyamba uyu wachikhumi, ndi akuluakulu a chipani. Ndiye phungu amaopa amene anamuika pamwamba kuposa mlimi wa fodya wa ku Macanga.

Mipando imagawidwa ndi njira ya D'Hondt. Ndipereke chitsanzo chongopeka kuti zimveke. Tinene kuti mipando ndi 5, mavoti 20,000. Chipani A chapeza 10,000, B 6,000, C 2,400, D 1,600. Mavoti a chipani chilichonse mumawagawa ndi 1, kenako 2, kenako 3, kumapita choncho. A ikhala ndi 10,000, 5,000, 3,333, 2,500. B ikhala ndi 6,000, 3,000, 2,000. C 2,400, D 1,600. Tsopano tolani manambala asanu akuluakulu: 10,000, 6,000, 5,000, 3,333 ndi 3,000. A yatenga mipando itatu, B iwiri, C ndi D chimanjamanja, chonsecho awiriwa pamodzi ali ndi voti imodzi mwa zisanu zilizonse. Koma C ndi D akanalowa ndi lista imodzi akanakhala ndi 4,000, n'kulanda mpando umodzi kwa B. Njirayi imakondera wamkulu ndipo imalanga omwazikana.

Nambewe (Ulóngue):
APhiri, nanga ija ya 5 peresenti idakalipo?

aPhiri (Furancungo):
Inachotsedwa chisanafike chisankho cha 2009, n'chifukwa chake MDM ya Daviz Simango inalowa ndi mipando 8 chaka chimenecho. Isanachotsedwe, chipani chinkayenera kupeza 5 peresenti m'dziko lonse kuti chilowe. Mu 1994 União Democrática inangodutsa pang'ono, ndipo ambiri omwe anaunika chisankhocho amati inathandizidwa ndi malo ake papepala. Chissano anali womalizira pansi pa pepala la pulezidenti, UD inali yomalizira pansi pa pepala la aphungu. Anthu omwe anauzidwa kuti "chongani pansi penipeni" anachonga pansi pa mapepala onse awiri. Mipando 9 n'kupita. Pa chisankho choyamba, pomwe anthu ambiri sadziwa kuwerenga ndipo zipani papepala zilipo 14, chizindikiro ndi malo papepala zimalankhula kuposa manifesito. Ng'oma ndi chimanga, nkhwali, tambala, izi ndiye zomwe agogo amazidziwa.

aNgozo (Dómuè):
Ndibwerere pang'ono kwa aTembo. Sindikukana kuti mfundo zimagwira ntchito. Ndikunena kuti pa chisankho choyamba funso lalikulu limakhala lakuti wogonja avomera kapena abwerera kutchire. Ku Angola anavota mu Seputembala 1992 asilikali a mbali zonse adakali ndi mfuti, Savimbi anakana zotsatira, nkhondo inayambiranso. Kuno a ONUMOZ, gulu la United Nations lotsogozedwa ndi Aldo Ajello, anatengerapo phunziro. Anayamba atsitsa asilikali pafupifupi 90,000, n'kukhazikitsanso thumba la ndalama lothandiza Renamo kusanduka chipani cha ndale. Ngakhale zinali choncho, usiku woti mawa kuvota Dhlakama analengeza kuti watuluka mu chisankho. Anthu anapitabe kukavota, iye anabwerera tsiku lachiwiri, ndipo CNE, bungwe loyendetsa zisankho lomwe linkatsogozedwa ndi Brazão Mazula, inawonjezera tsiku lachitatu.

Chomwe sichinakonzedwe nthawi imeneyo n'chakuti wopambana ankatenga zonse. Renamo inatsogola m'zigawo zisanu koma magovenadori onse anasankhidwa ndi pulezidenti. Dandaulo limeneli linakhala likufuka utsi zaka makumi awiri. Pambuyo pa 2014 Dhlakama anati adzalamulira zigawo zomwe ankati anapambana, Tete ili momwemo, ndipo mukudziwa za kumenyana komwe kunatsatira cha ku Nkondezi. Anthu masauzande anathawira ku Kapise m'boma la Mwanza mu 2015 ndi 2016, ena n'kuwasamutsira ku Luwani. Kusintha kwa 2018 komwe amayi Nabanda atchula kunabadwa pamenepo.

aTembo (Fíngoè):
Kunabadwa kolumala. Anagwirizana kuti mu 2024 tidzavoteranso ma administrador a maboma, koma mu 2023 Assembleia inasintha ndimeyo, chisankho cha maboma sichinachitike. Kunja kwa ma município asanu, Tete, Moatize, Ulóngue, Nhamayabué ndi Chitima, munthu wakumudzi alibe voti pa amene akumulamulira pafupi. Ine ndikatenga manifesito, tsamba loyamba lomwe ndimafuna ndi la nkhani imeneyi.

aJere (Tsangano):
Tsopano ndilankhule za pepala linalo, chifukwa manifesito ngakhale akome bwanji, ngati voti siwerengedwa momwe inaponyedwera ndiye tangotaya nthawi. Pepala lofunika kuposa onse pa tsiku la chisankho ndi edital, pepala la zotsatira lomwe limamatidwa pakhomo la mesa.

Mesa, kutanthauza tebulo lovotera, imatsegulidwa 7 koloko m'mawa, kutseka 6 koloko madzulo, koma omwe ali kale pamzere amavota. Pa mesa pamakhala anthu asanu ndi awiri: presidente, vice, secretário ndi ma escrutinador anayi. Chipani chilichonse chili ndi ufulu woika delegado wake, woimira chipanicho pa mesa. Delegado afike isanakwane 6, aone mabokosi akuonetsedwa kuti mulibe kanthu, alembe manambala a zidindo zotsekera.

Kuvota kukatha, kuwerenga kumachitikira pomwepo, mabokosi sachoka. Asanatsegule, inki, mapadi a zidindo ndi zolembera zichoke patebulo, ndipo manja a onse a pa mesa aonedwe. Chifukwa chake n'chakuti njira yakale yowonongera voti ya mnzako ndi kudinda chala cha inki pa pepala lomwe lachongedwa kale, kuti lioneke ngati munthu anasankha awiri, lisanduke nulo. Kenako mapepala osagwiritsidwa ntchito amawerengedwa ndi kuwonongedwa ndi mzere. Kenako amawerenga mayina omwe achongedwa mu caderno, buku la ovota. Pomaliza ndiye bokosi, presidente kutulutsa pepala limodzilimodzi, kulionetsa ndi kutchula mokweza.

Delegado azichita masamu ake mukope lake. Mapepala omwe mesa inalandira akhale ofanana ndi a m'bokosi, kuphatikiza otsala ndi owonongeka. A m'bokosi afanane ndi mayina ochongedwa, kuphatikiza aja ololedwa kuvota pomwe sanalembetse, monga a pa mesa, ma delegado, apolisi, atolankhani ndi oyang'anira. Mabokosi ndi atatu, la pulezidenti, la Assembleia da República ndi la Provincial, ndipo wovota aliyense amapatsidwa mapepala atatu. Ndiye bokosi limodzi likakhala ndi mapepala 60 kuposa anzake, afunse kuti achokera kuti. Mu 2024 kusiyana kotereku kunaoneka m'malo ambiri mpaka Conselho Constitucional, khoti lomwe limatsimikizira zotsatira, inafunsa CNE kuti ifotokoze.

Akamaliza, edital imalembedwa, kusainidwa, kudindidwa, kumatidwa pakhomo, ndipo delegado aliyense alandire kope lake la edital ndi la acta, lipoti la zonse zomwe zachitika pa mesa. Asasaine pepala lopanda manambala ngakhale amuuze kuti kwada, tidzalemba m'mawa. Aone kuti nambala yalembedwa m'manambala ndi m'mawu omwe, chifukwa 38 kusanduka 138 ndi kamzere kamodzi.

aMwale (Zóbuè):
Achimwene mwakumbutsa za Tippex. Ku Malawi khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 pa 3 Febuluwale 2020, n'kubwereza pa 23 Juni. Mlanduwo unatheka chifukwa odandaula anabwera ndi mapepala a zotsatira a m'malo ovotera, ofufutidwa ndi olembedwa kawiri, n'kuwayala pamaso pa oweruza. Akanabwera ndi mkwiyo wokha sakanaphula kanthu.

aJere (Tsangano):
Ndi momwemo. Kwathu kuno vuto lalikulu silikhala pa mesa pokha, limakhalanso pa apuramento ya ku boma, pomwe ma edital onse amaphatikizidwa, kenako ku chigawo, kenako ku CNE. Chipani chomwe chilibe makope ake sichingatsutse nambala yotuluka kumeneko. Onani 2024: CNE inapatsa Chapo wa Frelimo pafupifupi 71 peresenti ndi Frelimo mipando 195, koma pa 23 Disembala Conselho Constitucional inati Chapo 65, Mondlane yemwe ankathandizidwa ndi Podemos 24, Frelimo 171, Podemos 43, Renamo 28, MDM 8. Mipando 24 inasuntha pakati pa maofesi awiri, ndipo zotsatira za mesa iliyonse payokha sizinaikidwe poyera kuti munthu aphatikize yekha. Aliyense aganize zake pa za amene anapambana, koma pa mfundo iyi ndikhulupirira tigwirizana: edital iliyonse iziikidwa pa intaneti.

Za madandaulo, chachilendo chikachitika delegado alembe reclamação pomwepo, presidente ailandire, ilowe mu acta. Akakana kulandira, delegado alembe nthawi ndi mayina a mboni. Nthawi yopitira ku tribunal ya boma imawerengedwa m'maola, mwachizolowezi 48 kuchokera pomwe edital yamatidwa. Madandaulo ambiri amagwa chifukwa afika mochedwa kapena alibe edital yotsimikizira, woweruza osafika n'komwe pa nkhani yeniyeniyo. Kwa munthu wa ku Zumbo kapena kumapiri a Chifunde maola 48 ndi ochepa, choncho njinga yamoto ndi mafuta zikhale zokonzeka lisanafike tsikulo.

aPhiri (Furancungo):
Pali kasamu kena kothandiza kununkhiza chinyengo. Caderno imodzi imafika anthu 800. Kuyambira 7 mpaka 6 ndi mphindi 660. Kuti onse 800 avote, aliyense ayenera kutenga masekondi osakwana 50, kupeza dzina, kulandira mapepala atatu, kuchonga, kupinda, kuponya, kuviika chala. Ndiye mesa ikalemba kuti anavota 98 kapena 100 pa 100 pomwe pamzere panali patapita mphepo pofika masana, pali nkhani. Pa caderno iliyonse pamakhala omwalira, odwala, omwe apita kukagwira ganyu ku Malawi kapena ku Joni. Mu 2004 dziko lonse anavota osakwana 40 pa 100, koma ma mesa ena a ku Changara analemba pafupifupi onse, ndipo oyang'anira chisankho anazitchula.

Mayi Nabanda (Moatize):
Ndipo zimayambira kutali, pa recenseamento, kalembera wa ovota. Popeza mipando imagawidwa motengera olembetsa, chigawo chomwe chalembetsa ochepa chimataya aphungu voti isanaponyedwe. Mu 2019 ku Gaza analembetsa anthu oposa 1.1 miliyoni pomwe INE, ofesi yowerengera anthu, inkati a msinkhu wovota ndi ochepera pamenepo ndi anthu oposa 300,000, mipando yawo n'kuchoka pa 14 kufika 22. Mipando 8 imeneyo inachotsedwa kwa ena. Kwathu zomwe zimachepetsa anthu n'zodziwika: kompyuta ya brigada yatha moto chifukwa sola sikukoka, printa yafa, malo olembetsera ali kutali, anthu abwerera kawiri kenako ataya mtima. Zikatero lembani tsiku ndi maola omwe brigada sinagwire ntchito, mupereke molemba ku STAE, ofesi yoyendetsa kalembera m'boma lanu. Wopanda BI, chitupa cha unzika, asakhale pakhomo, lamulo limalola mapepala ena kapena mboni zomwe zalembetsa pamalo omwewo. M'malire muno anthu amabwezedwa ponamiziridwa kuti ndi Amalawi chifukwa cha chilankhulo, ngati kuti Chichewa chinayambira pa Dedza. Ma caderno akayalidwa kuti anthu aone, pitani mukaone dzina lanu. Cartão m'thumba dzina mulibe m'buku, pa tsikulo mudzavutika.

Nambewe (Ulóngue):
Ndiye achinyamata aja ndikawauze kuti chiyani, awerenge manifesito kapena aphunzire edital?

aTembo (Fíngoè):
Zonse, koma manifesito asamayembekeze kuti abwera ndi zitenje. Apite ku sede ya chipani akapemphe, akakanizidwa adziwe kuti nalonso ndi yankho. Masiku a tempo de antena, nthawi yomwe zipani zimapatsidwa pa Rádio Moçambique, azimvera ndi kope m'manja, kulemba tsiku, amene walankhula ndi zomwe walonjeza ku Tete. Ma wailesi a m'madera aitane ma cabeça de lista onse, awafunse mafunso ofanana m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe, mphindi zofanana.

aNgozo (Dómuè):
Ine pamenepo ndikukayikabe, aTembo. Komwe mphunzitsi kapena namwino akuopa kuti akaoneka pa msonkhano wa chipani china asamutsidwa, anthu safunsa mafunso poyera. Mantha a nthawi ya chipani chimodzi sanathe ndi malamulo a 1990. Kudakali agogo omwe amakhulupirira kuti m'kachipinda kovotera muli diso lowaona. Ntchito yoyamba ndi kuwauza kuti pepala lilibe dzina, kuti chitenje akhoza kulandira n'kukachonga komwe mtima ukufuna, kuti aliyense wotolera manambala a ma cartão asanavote alibe lamulo lomulola.

aTembo (Fíngoè):
Manthawo alipo, koma theka la ovota lero linabadwa nkhondo itatha. Bala la aldeia comunal kapena la basi yowotchedwa si lawo. Iwo akufunsa za ntchito, za mtengo wa feteleza, za msewu wa ku Fíngoè. 2024 yaonetsa kuti chipani chomwe chinalibe mpando ndi umodzi womwe chikhoza kudumpha Renamo.

aPhiri (Furancungo):
Chinadumpha chifukwa cha manifesito kapena chifukwa cha munthu mmodzi, Mondlane, ndi foni yake? Funsani khumi mwa omwe anavotera Podemos kuti mfundo zake zitatu ndi ziti.

aTembo (Fíngoè):
Funsaninso khumi a Frelimo ndi khumi a Renamo, muone ngati mupeze kusiyana.

aJere (Tsangano):
Pamene akuluakulu mukukokana, amayi Nambewe, achinyamata omwe akufuna kukhala ma delegado muwauze izi. Credencial itengedwe masiku angapo chisankho chisanafike, aone kuti dzina ndi nambala ya mesa zalembedwa bwino, chifukwa kulakwika kwa chilembo chimodzi kumabweza munthu pakhomo. Akhale awiri, efectivo ndi suplente, kuti wina akapita kuseri mnzake atsale, ndipo nthawi yoopsa ndi ya chakudya chamadzulo, pakati pa kutseka ndi kuwerenga. Atenge tochi ndi mabatire apadera popeza sukulu zambiri zilibe magetsi ndipo nyali ya mu kit imatha moto usiku usanathe. Atenge madzi, chakudya chawo, kope, zolembera ziwiri zomwe azisunga kutali ndi tebulo lowerengera, foni yodzaza ndi pulasitiki yokutira edital ngati kugwa mvula. Asavale chilichonse cha chipani, pa mtunda wa mamita 300 kuchokera pa malo ovotera campanha ndi yoletsedwa. Edital ikamatidwa aijambule pomwepo, nambala ya mesa ndi chidindo zioneke bwino, atumize asananyamuke.

Nambewe (Ulóngue):
Ndalemba zonse. APhiri, chitsanzo chanu cha D'Hondt chija mundikonzere ndi mipando 23 ndi zipani zinayi, Loweruka ndikachiyale pa bolodi.

aPhiri (Furancungo):
Ndikonza, koma bolodi likhale lalikulu, chipani chachikulu chokha chifuna mizere yoposa khumi.